Mayi Madontho ndi Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Dzina lakuti Mayi Madontho sanalipemphe, linangowamatirira. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akugwira ntchito m'kachipinda kakumbuyo kwa laibulale, momwe muli zenera limodzi, shelefu ya mapepala okhuthala, kompyuta, ndi chimakina chotuwa chosindikiza zilembo za madontho, zija anthu osaona amawerenga ndi zala. Chimakinacho chikayamba ntchito chimasokosa ngati matalala pa denga la malata, moti owerenga a m'chipinda chachikulu anazolowera kale kunyamula mabuku awo n'kusamukira ku mabenchi a pakhomo. Palibe amene amadandaula mokweza, chifukwa aliyense amadziwa kuti pakamwa pa Mayi Madontho mpothamanga kuposa makina awowo.

Poyamba anali wotayipa makalata mu ofesi ya loya wina wokonda mawu ataliatali. Zala zawo zinkathamanga kwambiri, loyayo ankachita kutha mpweya iwo akudikira mawu otsatira. Ntchito yotayipa itayamba kusowa, anzawo ambiri anakakhala kunyumba, koma iwo anamva zoti kulaibulale kwafika chimakina chimene aliyense akuchiopa. Anapita, anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti chinthu chodya mapepala iwo sangachithawe. Anawalemba ntchito tsiku lomwelo.

Mwezi wachiwiri pakhomo pa kachipindako panaima bambo wamtali, ndodo yoyera kudzanja lamanja, tsamba kudzanja lamanzere.

"Ndani akusindikiza zimenezi?" anafunsa bamboyo.

"Ndine. Kwagwanji?"

"Mawu anu ngosalala kuposa tsamba lanu, mayi. Muli zolakwika zisanu ndi zinayi umu."

"Ndiye khalani apo mundisonyeze, osangoima pakhomo kutsekereza mphepo."

Bamboyo anakhala pampando wa pazenera, ndipo tingoti sanadzukeponso. Anali mphunzitsi wa masamu, wosaona chibadwire, munthu wofatsa koma wa nthabwala zoluma pang'onopang'ono. Chaka chisanathe anali atakwatirana. Kuyambira pamenepo lamulo la m'chipindamo linakhala limodzi: tsamba silituluka lisanadutse pa zala za aPhunzitsi. Ngakhale lero, atapuma ntchito, amafika masana aliwonse nthawi ya thu koloko, amakoleka chipewa pa msomali, n'kuyamba kuwerenga.

M'zaka zonsezi Mayi Madontho anaphunzira kuwerenga madonthowo ndi maso. Amapendeketsa tsamba ku kuwala kwa pazenera kuti tizithunzithunzi ta madontho tioneke, ndipo lusoli amanyada nalo kwambiri. APhunzitsi sawagonjera.

"Maso amadumpha, amayi. Chala sichidumpha."

"Chala chanucho chinadumpha chikho cha tiyi m'mawa, mpaka nsalu ya patebulo yonse kunyowa."

"Chikhocho munachisuntha ndinu."

Anthu amene amadalira kachipindako ndi makumi atatu ndi mmodzi, ndipo Mayi Madontho amadziwa chimene aliyense amakonda. Kuli mayi wina woyankha mafoni kuchipatala amene amafuna manambala a madipatimenti. Kuli mkulu wina woimba amene amabweretsa mawu a nyimbo olembedwa pa timapepala tong'ambika. Kuli ena amene amafuna malangizo a mankhwala awo, kuti asamadikire mwana kuti abwere kusukulu adzawawerengere. Wa makumi atatu ndi mmodziyo ndi aPhunzitsi eni ake, amene Lachisanu lililonse amatenga masamba khumi a buku lililonse limene akazi awo awasankhira.

Kompyuta ya m'chipindamo amaisamalira ndi mlamu wawo, mng'ono wa aPhunzitsi, amene ali ndi kashopu kokonza makompyuta pansi pa masitepe a nyumba ina mumsewu wa ogulitsa mafoni. Ndiye amene anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, zaka zapitazo. Mlamuyu mukangomufunsa za Linux mwadziputira nokha, chifukwa amalalikira osamwa madzi: yaulere, yosabisa kanthu, aliyense akhoza kuitsegula n'kuona za m'kati, anthu zikwizikwi a m'mayiko osiyanasiyana amaikonza potumizirana makalata. Mayi Madontho ankangogwedeza mutu. Iwo chimene ankafuna n'chakuti akadina batani, chimakina chisokose.

Tsiku lina mlamuyo anabwera kudzaika zatsopano m'kompyutamo monga amachitira nthawi ndi nthawi. Masana ake aPhunzitsi anawerenga tsamba loyamba, chala chikutsika bwinobwino, kenako chinaima chakumunsi.

"Amayi, kodi mwayamba kudya mawu?"

"Mawu ati?"

"Kumtundaku zonse zili bwino. Koma mizere isanu yomalizayi ilibe michira. Apa pakuti mapiritsi awiri kawiri pa, basi pathera pomwepo. Pa tsiku? Pa sabata? Pa chaka?"

Anasindikiza lina, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Mayi Madontho anaimbira mlamu wawo, ndipo mawu amene anamuuza sitiwalemba pano. Mlamuyo anafika thukuta lili kamukamu, anabwezeretsa za chaka chatha, chimakina n'kuyambanso kumaliza mizere. Koma m'malo mosangalala anakhala chete akuwerenga kanthu pa foni yake, ndipo mlamuyu akakhala chete ndiye kuti zavuta.

"Alamu, vuto lili mu kenelo," anatero.

"Kenelo ndiye ndani?"

"Ndi mtima wa Linux. Mumtimamo muli timapulogalamu tolankhulitsa kompyuta ndi chipangizo chilichonse. Kapulogalamu ka chimakina chanuchi kalinso momwemo, timati dalaiva. Kenelo ya chaka chatha ikulankhula nacho bwino, ya chaka chino ikuchimeza mawu."

"Ndiye tikhale ndi ya chaka chathayo. Chavuta n'chiyani?"

"Tikhala nayo, koma osati mpaka kalekale. Kompyuta yanuyi mukuimva mmene ikutsokomolera. Ikadzafa, yatsopano idzafuna kenelo yatsopano. Ndipo tamvani izi."

Anawawerengera kalata imene inatumizidwa pa bwalo la makalata la anthu okonza kenelo. Anailemba ndi mkulu wina amene amasamalira madalaiva a zipangizo zakale. Kalatayo inati dalaiva ameneyu sanakhudzidwe kwa zaka zambiri, kampani imene inkapanga makinawo inatseka kalekale, ndipo iye sakudziwa munthu ndi mmodzi yemwe amene akadali nawo. Chinthu chimene palibe angachiyese sangapitirize kuchisunga. Ngati pofika kumapeto kwa mwezi sipapezeka munthu wokhala ndi makinawo, wosonyeza kuti dalaivayo akhoza kugwira ntchito, amuchotsa. Kalatayo inali itakhala masabata awiri popanda woyankha.

Mayi Madontho anayang'ana chimakina chawo. Chatsopano laibulale singachikwanitse, zimenezo anaziyesa kale kawiri. Dalaivayo akachotsedwa, tsiku lina chimakinacho chidzasanduka chitsulo chabe, ndipo anthu makumi atatu ndi mmodzi adzabwerera kukapempha maso a eni. Mantha anawagwira, ndipo iwo mantha akawagwira amasanduka ukali.

"Palibe munthu? Ine si munthu? Bweretsa kuno kiyibodiyo."

Kalata yawo yoyamba inali ya wotayipa weniweni: tsiku pamwamba, moni waulemu, mutu wa nkhani wodulidwa mzere kunsi, zilembo zokhuthala, ndi chithunzi cha chimakinacho. Inabwerera pasanathe mphindi. Mlamuyo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Kumeneku salandira zokongoletsa, alamu. Amafuna mawu okhaokha, opanda utoto, opanda chithunzi."

"Anthu anzeru chonchi, osadziwa kalata yabwino?"

Anaivula zonse n'kuitumizanso. M'mawa mwake yankho linali litafika. Mkulu wosamalira uja analemba mizere inayi yokha, osafunsa n'komwe ngati kunyumba kwacha bwino, chinthu chimene Mayi Madontho sanachiiwale msanga. Koma mizereyo inali yabwino. Anati wadabwa ndipo wasangalala. Iye makinawo alibe, kotero sangapeze vutolo yekha. Ngati iwo angapeze kusintha kumene kunawononga zinthu, iye alemba mankhwala ake. Anawapatsa mpaka tsiku lomaliza la mwezi.

Mlamuyo anafotokoza kuti pakati pa kenelo ya chaka chatha ndi ya chaka chino anthu anasinthamo zinthu zoposa zikwi khumi, ndipo chimodzi mwa zimenezo ndiye wolakwa. Mayi Madontho anagwira m'chiuno.

"Ndiziyesa chimodzichimodzi? Ndifera pampando uno."

"Ayi alamu, timagawa pakati. Kompyuta ikutengerani pakatikati pa mndandanda. Mumanga kenelo ya pamenepo, ndiye kuti muilumikiza kuti igwire ntchito, musindikiza tsamba. Likatuluka bwino muiuza kuti zabwino, likaduka muiuza kuti zoipa. Iyo itaya theka, igawanso pakati theka lotsalalo. Kakhumi ndi kanayi basi, wolakwa atsala yekha pabwalo. Koma musainamize. Iyo imakhulupirira chilichonse chimene mwaiuza."

"Ndinanamizapo ndani ine?"

Mlamuyo analemba malamulo asanu pa pepala n'kumata pakhoma, chifukwa shopu yake sakanaisiya tsiku lonse. Zotsalazo zinali za Mayi Madontho. Kumanga kenelo imodzi pa kompyuta yokalambayo kunkatenga maola awiri ndi theka, zilembo zikuyenderera pa sikirini ngati nyerere, fani ikulira. Ankamanga ziwiri pa tsiku, imodzi m'mawa, ina chakumasana. Tsamba loyesera linali lomwelomwelo, la malangizo a mankhwala lija. Likatuluka ankalemba nambala pakona ndi pensulo, aPhunzitsi ankaliwerenga n'kugamula, iwo n'kutayipa chigamulocho, tsambalo n'kuliika mu fayilo. Wotayipa sataya pepala.

Anayamba kuikonda ntchitoyo, ngakhale sakanavomera pagulu. Ankafika m'mawa kwambiri, ndipo anyamata a pakauntala ankawamva akulankhula ndi kompyuta: "Lero utiuza zoona, usatitayire nthawi." Kwa mayi woyankha mafoni uja anafotokoza kwa theka la ola za kugawa pakati, mayiyo atangobwera kudzatenga masamba ake awiri. Mlamuyo anati watembenuza munthu mmodzi tsopano akhoza kufa mwamtendere.

Lachinayi aPhunzitsi anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa mano. Tsamba lachisanu ndi chiwiri linatuluka nthawi ya leveni, mpando wa pazenera uli wopanda munthu. Mayi Madontho anayang'ana wotchi, anayang'ana kalendala. Akadikira mpaka mawa ndiye kuti tsiku lathunthu lapita. Anatenga tsambalo, analipendeketsa ku kuwala, anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, wachisanu, wakhumi, zonse zili m'malo mwake. Chakumunsi dzuwa linali litasuntha, tizithunzithunzi tosaoneka bwino, koma mizere inkaoneka yodzaza ndithu. Nthawi yomweyo pakhomo panagogoda mkulu woimba uja ndi timapepala take. Mayi Madontho anatayipa kuti zabwino, analemba seveni pakona, n'kuliika mu fayilo. Madzulo aPhunzitsi, tsaya litatupa, anafunsa ngati panali tsamba.

"Linalipo, linali bwino."

"Anawerenga ndani?"

"Zaka makumi awiri ndi zitatu, abambo. Mukuganiza kuti ndimangoyang'ana utoto wa pepala?"

APhunzitsi anagwira tsaya n'kuisiya nkhaniyo. Dzino linali kuwawa, ndipo munthu wa dzino sakangana.

Lachiwiri la sabata yotsatira kompyuta inatchula wolakwa. Inatulutsa dzina la munthu, tsiku, ndi zimene anasintha. Mayi Madontho sanadikire mlamu wawo, amene tsikulo anali atapita kukagula zipangizo. Zala za wotayipa zinathamanga monga kale. Analembera munthuyo, ndi mkulu wosamalira uja, ndi bwalo lonse. Anati ena akamasewera ndi zinthu azikumbukira kuti kuli anthu amene amamwa mankhwala potsatira masamba amenewa. Anati munthu wosamala amayesa kaye ntchito yake asanaitumize kudziko lonse. Kalatayo inalibe utoto kapena chithunzi, koma inali ndi tsabola wokwanira. Anadina batani n'kukamwa tiyi ndi mtima woyera.

Yankho linabwera m'mawa. Wolakwa uja anali mayi, ndipo analemba mwaulemu umene umapweteka kuposa chipongwe. Anati wamva chisoni ndi vuto la makinawo ndipo akufuna kuthandiza. Koma kusintha kwake kunali kwa timagetsi towala pansi pa mabatani a malaputopu ena, ndipo wayang'ana kawiri osapeza njira imene kungakhudzire makina osindikiza. Pansi pake mkulu wosamalira uja anawonjezera mzere umodzi: kugawa pakati kukaloza munthu wosalakwa, nthawi zambiri ndiye kuti yankho limodzi panjira linali lolakwika.

Mayi Madontho anawerenga kawiri. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Mlamuyo atafika anawerenganso, anakanda m'mutu, n'kuwauza chinthu chimene chinawamaliza: makalata a pa bwalo limenelo safufutidwa, amasungidwa poyera kuti aliyense aziwerenga mpaka zaka zikubwerazo.

"Ndiye kuti adzukulu anga adzawerenga ndikulalatira mayi wosalakwa?"

"Adzawerenga, alamu. Madzi akatayika saoleka."

Kuchotsapo Lamulungu, kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mwezi uthe. Kuyambiranso pachiyambi kukanatenga masiku asanu ndi awiri. Mlamuyo anawerengetsa pa zala kawiri, osapeza pothawira. Pamene ankatero, chipewa chinakolekedwa pa msomali, ndipo aPhunzitsi anakhala pampando wawo n'kumvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Masambawo alipo?" anafunsa.

"Alipo onse, mu fayilo," anatero Mayi Madontho ndi mawu ang'ono amene sanali awo.

"Ndipatseni. Kuyambira loyamba."

Iwo ankadziwa kale tsamba limene lidzawagwire, koma anapereka limodzilimodzi monga mwa nambala, ndipo aPhunzitsi nawonso ankadziwa, koma anawerenga lililonse mpaka pansi. Loyamba loipa, monga analembera. Lachiwiri labwino. Chipindacho chinali zii, kupatula kufwanthuka kwa chala pa pepala. Pa lachisanu ndi chiwiri chalacho chinatsika, chinadutsa mzere wakhumi, wamakumi awiri, n'kuima.

"Mapiritsi awiri kawiri pa," anawerenga aPhunzitsi.

Mayi Madontho anadikira nthabwala. Anali atakonzeka kuilandira, chifukwa anaigwirira ntchito. Koma amuna awo anangotambasula dzanja, anapeza mkono wa akazi awo pamene umakhala nthawi zonse, n'kuugwira pang'ono.

"Zigamulo zisanu ndi chimodzi zoyambazo zili bwino. Ndiye tiyambira pa seveni. Zatsala zisanu ndi ziwiri, masiku anayi. Mlamu wanuyu masamu anandithawa ali wamng'ono, musamumvere."

"Achimwene, ine ndimawerengetsa zoyambira pachiyambi," anadziteteza mlamuyo.

"N'chifukwa chake ndikuti unathawa."

Asanamange kenelo ina, Mayi Madontho analemba kalata yachiwiri, pa bwalo lomwelo, pamaso pa anthu omwewo. Mlamuyo anati akhoza kungolembera mayi uja payekha. Iwo anakana. Anati anamulalatira pagulu, ndiye amupepesa pagulu. Analemba kuti wolakwa ndi iwo: pa ulendo wachisanu ndi chiwiri anayesa tsamba ndi maso chifukwa chofulumira, pamene woyesa weniweni ndi amuna awo amene amawerenga ndi zala. Mayi wa timagetsi uja anayankha kuti iyenso zinamuchitikirapo, ndipo anafunsa kuti madontho amenewa amawerengedwa bwanji. Munthu wina wachilendo analemba kuti aka n'koyamba kuona lipoti loyesedwa ndi chala. Wina anafunsa ngati angaone chithunzi cha makinawo, ndipo Mayi Madontho anamuuza kuti kuno salandira zithunzi.

Masiku anayi amenewo aPhunzitsi ankabwera m'mawa limodzi ndi akazi awo, atanyamula fulasiki. Loweruka anapempha makiyi kwa mlonda. Palibe tsamba limene linagamulidwa chala chisanafike pakona yomaliza, ndipo Mayi Madontho ankatayipa chigamulocho akuchitchula mokweza kuti mboni imve. Lolemba masana kompyuta inatchulanso dzina. Ulendo uno anapinda manja n'kudikira mlamu wawo.

Mlamuyo anawerenga n'kuomba m'manja. Kusinthako kunali mu dalaiva wa chimakinacho ndithu. Munthu wina wa mtima wabwino, akusesa m'mafayilo akale, anapeza malo amene kompyuta inkauzidwa kuti idikire kanthawi kochepa ikamaliza mzere uliwonse. Panalibe mawu ofotokoza chifukwa chake, kotero anaona ngati ndi zinyalala n'kuchotsa. Koma chimakina chakalecho chimameza pang'onopang'ono. Ukachithira mawu osapumira, chimasunga m'masaya mpaka chakumunsi kwa tsamba, kenako chimayamba kutaya.

"Ndiye kuti chimangofuna kupuma?" anafunsa Mayi Madontho.

"Basi, alamu. Kupuma kochepa kuposa kuphethira."

"Ameneyo simumulalatira?" anafunsa aPhunzitsi.

"Ameneyo ndimulembera kuti zikomo posesa, koma wasesa ndi ndolo yomwe."

Mkulu wosamalira uja anatumiza mankhwala ake m'mawa mwake, kutatsala tsiku limodzi. Inali mizere isanu ndi umodzi: itatu yobwezeretsa kupuma kuja, itatu yofotokoza chifukwa chake, kuti wosesa wina asadzakuchotsenso. Mayi Madontho anamanga kenelo yatsopanoyo okha, osayang'ana pepala la pakhoma. Anasindikiza masamba makumi awiri, osati limodzi, ndipo aPhunzitsi anawerenga onse mpaka tiyi kuzizira. Palibe mzere umene unaduka. Anatumiza lipoti, kenako anakhala pansi n'kudikira, chifukwa kukonzeka kwa makina n'kwina, mawu a mkulu uja n'kwina.

Mawuwo anafika Lachitatu, tsiku lomaliza la mwezi, ndipo ulendo uno anali ataliatali. Mkuluyo anati kalata yake yochotsa dalaiva waibweza. Dalaivayo akhala, bola ngati kenelo yatsopano ikamatuluka pakhale woiyesa pa makinawo n'kumuuza. Kenako anafunsa funso. Anati mwa mwambo wawo, pansi pa kusintha kulikonse amalembapo dzina la amene anapeza vuto ndi la amene anayesa mankhwala, ndipo mayinawo amakhala m'mbiri ya kenelo osafufutika. Pa wopeza vuto alemba iwo. Nanga pa woyesa alembe iwonso?

Mayi Madontho anali okha m'chipindamo, nthawi isanakwane thu koloko. Ulemu amaukonda, zimenezo sitingawabisire, ndipo dzina lawo kuoneka kawiri pamalo otero kukanawakomera kwambiri. Anaika zala pa kiyibodi, anazichotsa, anaziikanso. Kenako anatayipa dzina lonse la amuna awo, mosamala, chilembo chimodzichimodzi, ngati munthu wongoyamba kumene kutayipa.

Pasanathe ola kalata yomaliza inafika, kusinthako kutalandiridwa, mayina awiri ali pansi pake. Anaisandutsa madontho n'kudina batani. Chimakina chinasokosa, a m'chipinda chachikulu ananyamula mabuku awo. APhunzitsi atafika anawapatsa tsambalo lili lofunda.

"Ili ndi la ndani?"

"Werengani, mundiuze ngati lili bwino."

Chala chinayamba ulendo wake. APhunzitsi anamwetulira pa mawu akuti dalaiva akhala, anagwedeza mutu pa mizere yofotokoza za kupuma, anati "Eya, amayi, mwatchuka" atafika pa dzina la akazi awo. Kenako chalacho chinafika pa mzere womaliza n'kuima. Chinabwerera kumayambiriro kwa mzerewo, chinayendanso, chinaimanso.

Mayi Madontho anadzambatuka pampando. "Chadukanso? Abambo, yankhulani, chasowa n'chiyani?"

APhunzitsi anakhosomola pang'ono, ndipo mawu awo anatuluka osalongosoka bwino.

"Palibe chasowa, amayi. Zonse zilipo. Ndisiyeni kaye ndiwerengenso."